Mlandu wa Mbewu ndi Munda

Mlimi wa fodya wa ku Bolero kapena ku Mhuju akafesa nazale, n'kutha masabata awiri akuthirira osaona kanthu, sathamangira kunyoza nthaka. Amayamba wafunsa za mbewu. Adaigula kuti? Idasungidwa motani? Kodi siyogonera? Nanga mnzake uja adagula naye tsiku limodzi, yake yamera? Akamva kuti kwa mnzakeyonso kuli zii, amadziwa kuti bedi lake lilibe mlandu. Nzeru imeneyi ili ponseponse m'boma la Rumphi, kuyambira ku Hewe mpaka kunyanja ku Mlowe, ndipo palibe adachita kukaitenga kusukulu. Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyu akamalowa m'nyumba, nzeruyi amaitsamiritsa panja pamodzi ndi khasu. Banja lake likatha zaka zitatu popanda mwana, za mbewu palibe amafunsa. Maso onse, a apongozi, a alamu ngakhale a mpingo, amaloza kumunda.

Fanizo loti mwamuna ndi wofesa ndipo mkazi ndi munda si la Atumbuka kapena Achewa okha. Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece, adaphunzitsa zaka zoposa 2,300 zapitazo kuti moyo ndi maonekedwe a mwana zimachokera kwa bambo, mayi amangopereka zipangizo monga dothi limene woumba amaumbira mbiya. Ophunzira a ku Ulaya adakhulupirira zimenezi kwa zaka mazanamazana. Fanizoli ndi lokoma m'kamwa koma ndi lokondera, pakuti mwana akabadwa ulemu umapita kwa wofesa, akapanda kubadwa mlandu umagwera munda. Funso limene ndikufuna tilingalire ndi ili: kodi n'chilungamo kuweruza munthu pa ntchito imene thupi limagwirira mumdima, pamene mboni yathu ndi maso okha? Ndipo choonadi chikadziwika, kuchibisa ndi chifundo kapena ndi nkhanza?

Kuti tiyankhe tiyenera kulowa m'thupimo, ndipo akuluakulu mundikhululukire pakuti nditchula ziwalo ndi maina ake. Anzathu olankhula Chiswahili ali ndi mwambi woti wobisa umaliseche sabala.

Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, osungidwa m'timatumba tiwiri ta m'munsi mwa mimba, kena kumanja kena kumanzere kwa chiberekero. Thupi lake silidzapanganso ena. Ambiri amafota okha, moti pofika potha msinkhu amatsala pafupifupi 300,000, ndipo mwa amenewa ndi 400 kapena 500 okha amene adzakhwime n'kutuluka pa moyo wake wonse. Mwezi ndi mwezi, kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo kamene kali kunsi kwa ubongo kamatumiza mahomoni m'magazi, ngati amithenga a mfumu, kukauza thumba kuti likhwimitse dzira. Nthawi yomweyo chiberekero, chimene kukula kwake n'kofanana ndi peyala laling'ono, chimayala mkati mwake mphasa yofewa ya magazi ndi minofu, kukonzekera mlendo. Kukatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wina uyambe, dzira limatuluka n'kulandiridwa ndi kanjira kopyapyala, kotalika masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, kopita kuchiberekero. M'kanjira m'menemo ndi momwe dzira limakumana ndi mbewu ya mwamuna, ndipo zikagwirizana zimatsetsereka pang'onopang'ono kukakhazikika pamphasa paja patatha pafupifupi sabata. Koma dzira silidikira. Likatha tsiku limodzi osapeza mnzake, latha ntchito. Mphasa ija imayalulidwa n'kutuluka ngati magazi, ndipo umenewo ndiwo msambo: nyumba idasesedwa, mlendo sadabwere.

Thupi la mwamuna lili ndi kayendetsedwe kena. Iye sabadwa ndi nkhokwe. Amayamba kupanga mbewu akatha msinkhu ndipo amapitiriza mpaka ukalamba, mamiliyoni tsiku lililonse. Fakitale yake ndi machende, ndipo amithenga amene amailamula ndi mahomoni omwe aja amalamula thumba la mazira la mkazi, ochokera pamalo omwewo kunsi kwa ubongo. Machende adapachikidwa kunja kwa mimba chifukwa mbewu imafuna malo ozizirirapo ndi madigiri awiri kapena atatu kuposa thupi lonse. Kambewu kamodzi kamatenga masiku oposa 60 kuti kapangike, kenaka kamakakhwimira m'kachubu kopindidwapindidwa kamene mutakatambasula kangatalike mamita 6. N'chifukwa chake malungo aakulu a mwezi uno angathe kuchepetsa mbewu ya mwamuna kwa miyezi iwiri kapena itatu yotsatira, mwini wake osadziwa. Ulendo wa timbewuti m'thupi la mkazi ndi wa imfa. Mwa mamiliyoni amene amanyamuka, ndi mazana ochepa chabe amene amafika pafupi ndi dzira, ndipo olimba kwambiri amakhala ndi moyo masiku 5. Mukaphatikiza masiku 5 amenewa ndi tsiku limodzi la dzira, mupeza kuti pa mwezi wonse khomo limakhala lotseguka masiku 6 okha.

Apa pali mfundo imene yapweteketsa amayi ambiri. Umuna ndi mbewu si chinthu chimodzi. Madzi amene mwamuna amatulutsa, gawo lalikulu limachokera m'timatumba tina ta kuseri kwa chikhodzodzo ndi m'chiwalo chotchedwa prostate. Mbewu yeniyeniyo sipitirira magawo 5 pa 100. Ili ngati nsomba m'dziwe: dziwe lodzaza nsomba ndi dziwe lopanda nsomba amaoneka chimodzimodzi ukaima pamtunda. Mwamuna amene adatseketsa kuchipatala amakhala malo amodzi ndi mkazi wake monga kale, n'kumatulutsa madzi monga kale, koma sapereka mimba. Ena amabadwa choncho. Ena zimawachitikira chifukwa cha matenda, monga matsagwidi akamugwira munthu atakula kale, chinzonono chikatseka njira, mitsempha ya m'machende ikatupa, kapena likodzo likakhalitsa. Pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 100 aliwonse alibe kambewu n'kamodzi komwe mu umuna wake, ndipo ochuluka kuposa apa ali ndi mbewu yochepa kapena yaulesi posambira. Buku la bungwe la WHO la mu 2021 limaika malire a m'munsi pa timbewu 16 miliyoni m'mililita imodzi. Diso la munthu silingasiyanitse 16 miliyoni ndi ziro. Komatu chinenero chathu chidatipatsa liwu loti gojo, ndipo ambiri akalimva amaganiza za mwamuna wolephera kuchipinda. Choncho amene salephera amadziyesa wopanda vuto, n'kumalumbira ndi mtima woona kuti iye ali bwinobwino. Sakunama ayi, sakudziwa.

Madokotala amati banja lili ndi vuto la kusabereka likatha miyezi 12 likuyesa osaphula kanthu, pakuti ngakhale onse awiri atakhala athanzi, mwayi wa mwezi umodzi ndi pafupifupi umodzi mwa inayi kapena isanu. Mu 2023 WHO idalengeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko lapansi amakumana ndi vutoli pa nthawi ina ya moyo wake. Ndipo mabanja otere akayezedwa onse awiri, pafupifupi theka la iwo vuto limapezeka mwa mwamuna, kaya yekha kaya pamodzi ndi mkazi wake. Yerekezani tsono ndi m'midzi mwathu. Mwa mabanja opanda ana amene mukuwadziwa, ndi angati amene chala chidaloza bambo?

Chifukwa chake si chovuta kuchiona. Thupi la mkazi limachitira umboni poyera: msambo umabwera pa nthawi yake, apongozi amawerenga miyezi, chitenje chimamangidwa pamalo omwewo chaka ndi chaka. Thupi la mwamuna silinena kanthu. Bwalo limene limaweruza ndi maso lidzapeza wolakwa yemweyo nthawi zonse, chifukwa mwa anthu awiriwo mmodzi yekha ndiye amaoneka.

Ngakhale asayansi adagwa m'mbuna yomweyi. Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft m'dziko la Netherlands amene ankadzipangira magalasi okulitsa zinthu, adaona timbewu ta mwamuna tikusambira mu 1677. Ena mwa ophunzira adati nkhani yatha, munthu yense ali m'kambewuko, ndipo mu 1694 Nicolaas Hartsoeker adafika pojambula kamunthu kopinda maondo m'mutu mwa kambewu poyerekeza mmene zingakhalire. Dzira la nyama zoyamwitsa lidadikira zaka 150 kuti lionedwe, mpaka Karl Ernst von Baer adalipeza mu 1827, ndipo m'zaka za m'ma 1870 ndi pomwe Oscar Hertwig adaonetsa kuti moyo watsopano umayamba ziwirizi zikasungunukirana. Lero tikudziwa kuti dzira limabweretsa makoromozomu 23, kambewu nako 23, n'kukwana 46 amene ali m'maselo a thupi lathu. Ndiye kuti fanizo lija lidalakwika kuyambira pachiyambi. Mkazi ali ndi theka la mbewu, ndipo mundawonso ndi wake. Wofesa wotchuka uja amabwera ndi theka basi.

Nkhani ya mwana wamwamuna ndiye yochititsa manyazi kwambiri. Kumene dzina, minda ndi ufumu zimatsata bambo, mayi wobala ana aakazi okhaokha amaonedwa ngati wabereka mwatheka. Chonsecho dzira lililonse limanyamula koromozomu imodzimodzi yotchedwa X. Timbewu ta mwamuna ndi timene tili pawiri, tina ta X tina ta Y. Ka X kakafika, mwana ndi wamkazi. Ka Y kakafika, ndi wamwamuna. Mayi wina wa sayansi wa ku America, Nettie Stevens, adaona chiyambi cha nkhani imeneyi mu 1905 pofufuza tizilombo. Henry VIII, mfumu ya England, adakwatira kasanu ndi kamodzi, makamaka pofunafuna wolowa m'malo wamwamuna, ndipo Anne Boleyn, amene adamubalira mwana wamkazi, adadulidwa mutu mu 1536 atamusemera milandu ina. Mwana wamkazi wonyozekayo, Elizabeth, adadzalamula England zaka 44. Koma tisafulumire kutembenuza mlandu kuti ugwere bambo, pakuti nayenso sasankha kambewu kamene kafike msanga mwa mamiliyoni aja. Mfumu yanzeru silipiritsa munthu chifukwa mvula yakana. Mlandu umafuna kuti munthu akhale atasankha kuchita kanthu, kapena atasiya dala chimene akadatha kuchita. Kumene kulibe kusankha kuli tsoka, ndipo tsoka timapepesana. Pa nkhani iyi wolakwa palibe, koma wolangidwa adapezeka.

Chimodzimodzi ndi kupita padera, kumene kumagwera mimba imodzi mwa 6 kapena 7 zodziwika. Pafupifupi theka la mimba zochoka m'miyezi yoyambirira zimachoka chifukwa makoromozomu sadagawike bwino, cholakwika chimene munthu sangachione, kuchifuna kapena kuchiletsa. Chimodzimodzinso ndi kuchedwa kuchira. M'madera ambiri mayi akavutika masiku awiri mwana osatuluka, azimayi aakulu ankamuzinga kuti aulule amuna amene adayenda nawo, pamene vuto lidali mafupa a m'chiuno osakhwima, mutu wa mwana waukulu, kapena mwana wogona chopingasa. Maola amene ankatha pofunsa mlanduwo ndi omwe mutu wa mwana unkapanikiza chikhodzodzo mpaka kuchiboola.

Ku Rumphi ukwati ndi wa malowolo. Olemba mbiri Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la mu 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, amafotokoza kuti Atumbuka ambiri kale ankatsata kuchikazi, ndipo mwambo wa ng'ombe udazika mizu Angoni a M'mbelwa atafika m'zaka za m'ma 1850. Kusinthaku kudasamutsa mkazi. Adachoka pakati pa abale ake n'kukakhala mlendo m'mudzi wa mwamuna, ndipo ana ake adakhala a kumene kudachokera ng'ombe. Malowolo ali ndi ubwino wake umene sindikuukana: amalumikiza mabanja awiri, amapatsa ana dzina ndi malo. Koma ng'ombe zikapita, mudzi umayembekezera chobwera m'malo mwake, ndipo chimenecho ndi ana. Akapanda kubwera, mkazi amasanduka ngongole yoyenda ndi miyendo, makolo ake n'kumagona tulo tochepa poganiza za ng'ombe zimene adalowolera nazo kale mlongo wake. Mwana ndiye muzu wa mkamwana pamudzi. Ndiye amamupatsa dzina laulemu loti make wa uje, ndiye amamuteteza mwamuna akamwalira. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi wamasiye, koma aliyense akudziwa kuti wamasiye wopanda mwana amakhala pamudzi wa eni ake ngati mbalame pa nthambi youma.

Makolo adali ndi njira ziwiri zothetsera vutoli, ndipo mukaziika pamodzi zimaulula chinsinsi. Vuto likaganiziridwa kuti lili mwa mkazi, mwamuna ankakwatira mitala, kapena akuchikazi ankapereka mng'ono wake kapena m'bale wina kuti akhale mkazi wachiwiri, mwambo umene kumpoto amautcha mbirigha. Izi zinkachitika masana, mudzi wonse ukuona. Koma akuluakulu akakayikira mwamunayo, ankapangana usiku. M'madera ambiri a Malawi ankapeza mwamuna wina, nthawi zambiri m'bale wake, kuti alowe m'nyumba mwini atapita ulendo wochita kukonza. Achewa amamutcha fisi. Mwana akabadwa ankakhala wa mwini nyumba, ndipo wotchula za usikuwo ankapalamula mlandu waukulu. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 ndi lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 amaletsa miyambo yoika munthu pachiswe, ndipo adachita bwino, pakuti m'njira zonse ziwirizi padali mkazi amene maganizo ake sankafunsidwa. Koma taonani chimene mwambo wa fisi ukutiuza. Makolo athu, opanda maikulosikopu, ankadziwa kuti mwamuna wamphamvu zake angathe kukhala wosabala. Akadapanda kudziwa sakadakonzeratu mankhwala ake. Nalo Baibulo, ngakhale limatchuka ndi Sara, Rakele, Hana ndi Elizabeti, pa Deuteronomo 7:14 limatchula mwamuna wosabala pambali pa mkazi wosabala. Choncho umbuli pawokha sukwanira kufotokoza nkhaniyi. Kudziwa kudalipo. Chimene chidachitika n'chakuti padali chofunda chimodzi, ndipo mudzi udasankha womufunditsa.

Palinso china chowawa. Amayi ambiri amene tinjira tawo ta mazira tidatsekekadi sadabadwe choncho. Kafukufuku wamkulu wa WHO amene adasindikizidwa mu 1985 adapeza kuti mwa amayi a mu Africa oyezedwa chifukwa cha kusabereka, ochuluka zedi vuto lawo lidachokera ku matenda olowa m'ziwalo zoberekera. Chinzonono ndi chlamydia zimakwera mwakachetechete kuchoka kukhomo la chiberekero mpaka m'tinjira tija n'kusiya zipsera, ndipo kanjira kamene pena mkati mwake n'kopyapyala ngati ulusi sikafuna chipsera chachikulu kuti katsekeke. Mwa mkazi matendawa nthawi zambiri sapweteka, ndiye sapita kuchipatala. Ena zimawachitikira atachira kapena kupita padera m'malo opanda ukhondo. A m'mphepete mwa nyanja, monga ku Chiweta, alinso ndi likodzo, limene mazira a tizilombo take amakhazikika m'ziwalo zomwezi. Tsono kumpoto ndi dera limene kwa zaka zoposa 100 lakhala likutumiza amuna kunja, kumigodi ya Johannesburg kudzera ku Wenela kapena pa selefu, ku Southern Rhodesia, ku Copperbelt, ndipo lero ku Joni pa basi. Mwamuna wobwera milungu iwiri pa Khirisimasi angathe kuphonya masiku 6 aja chaka ndi chaka, mkazi wake n'kumawerengeredwa zaka za ukwati ngati kuti adali limodzi. Sikuti onse adabwera ndi matenda, ndipo sikuti matenda amayenda njira imodzi yokha. Koma m'masutikesi ena mudabwera zambiri kuposa mabulangete ndi wailesi. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Apa nkhuyu adadya ndi bambo, mimba yopota n'kukhala ya mayi, ndipo wotchedwa chumba pamapeto pake ndi mayi yemweyo.

Mkazi wotere ankadandaula kuti? Pabwalo la eni mudzi mlendo salankhula. Vail ndi White adasanthula nyimbo za vimbuza, gule wa machiritso amene UNESCO idamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005, ndipo adaona kuti ambiri ogwidwa ndi mizimu imeneyi adali amayi, ndi kuti m'nyimbo zawo mudali madandaulo a ukwati, a amuna otchona ndi a kusowa kwa ana. Vimbuza ali ndi kuya kwake kumene eni ake amakudziwa, ndipo sindikufuna kumuchepetsa kukhala nkhani ya m'banja chabe. Komabe n'zopatsa maganizo kuti mkazi ankayenera kuyamba wagwidwa ndi mzimu kuti mudzi umumvere. Mawu omwewo akadawanena ali bwinobwino, akadakhala chipongwe.

Wina anganene kuti izi n'zakale, ndipo Rumphi ndi boma la anthu ophunzira. N'zoona. Robert Laws, amene adali m'busa komanso dokotala, adakhazikitsa Livingstonia paphiri la Khondowe mu 1894, chipatala cha David Gordon Memorial chidatsegulidwa mu 1911, ndipo pamenepo padaphunzira ena mwa Amalawi oyamba kugwira ntchito ya chipatala. Lero mwana wa kusekondale amajambula chiberekero ndi machende pa mayeso n'kukhoza bwino. Koma amajambula m'Chingerezi, ndipo nzeruyo imatsala m'Chingerezi. Akafika kumudzi alibe mawu oti anenere zimenezi pamaso pa azakhali ake, pakuti mawu a Chitumbuka ndi Chichewa otchulira ziwalozi tidawasiyira oledzera ndi otukwana. N'chifukwa chake mphunzitsi wa sayansi angathe kukhala duu pamsonkhano wa banja pamene mlamu wake akuweruzidwa.

Tsono tiwamvere amene amateteza chete ameneyu, pakuti si opusa. Amati mwamuna wodziwika kuti sabala waphedwa ali moyo: anzake amuseka pa bawo, mawu ake sadzalemeranso pabwalo. Amatinso mukayamba kuyeza amuna mufukula zimene zidakwiririka. Bambo wa ana anayi akauzidwa kuti sadabalepo chibadwire, anawo mudzawauza chiyani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, bola mkhate utsale. Mfundo imeneyi ndi yolemera. Ndikuvomereza kuti si choonadi chilichonse choyenera kulengezedwa pamsika. Zimene dokotala wapeza m'thupi la munthu n'za munthuyo, ndipo mwana amene wakula akuitana munthu kuti bambo sayenera kulipira mangawa a usiku umene iye sadauone.

Koma chete ameneyu ali ndi mtengo wake, ndipo tiyenera kufunsa kuti akulipira ndani. Kubisa chilema cha munthu ndi chifundo. Kuchibisa pochipachika pa munthu wina ndi umboni wonama, ngakhale pamudzipo pasapezeke wotsegula pakamwa. Banja limene likudziwa, kapena kukayikira chabe, kuti vuto lili mwa mwana wawo, n'kumalola mkamwana azitchedwa chumba, azimwa mizu yowawa kwa asing'anga, azisala kudya kumapiri, azilandira mkazi mnzake ndi manja awiri, lateteza mmodzi pomusandutsa mnzake chishango. Ulemu umene tikuusamala mwa mwamuna, mkazi nayenso adabwera nawo pamudzipo. Chitonzo chimene tikuopa kuti chipha bambo, mayi wachisenza zaka khumi ndipo palibe adafunsa ngati chikumupha. Sindikupempha kuti manyazi asamuke kuchoka kwa mkazi kupita kwa mwamuna. Gojo ndi chumba ndi mawu oyenera kukwiriridwa m'dzenje limodzi. Chimene ndikunena n'chakuti chofunda chimene makolo adaluka mwaluso chotere n'chokwanira anthu awiri, ndipo banja lodziwa kusunga chinsinsi cha mwana wawo lingathenso kutseka pakamwa pa otonza mkamwana, n'kunena poyera kuti nkhani ya nyumba iyi ndi ya eni ake awiri.

Ndiponso chete sateteza mwamunayo monga momwe timaganizira. Kuyeza mwamuna n'kophweka kuposa kuyeza mkazi. Amadziletsa masiku 2 mpaka 7, amapereka umuna m'kabotolo, wa mu labotale n'kuuika pa maikulosikopu. Palibe jakisoni, palibe mpeni. Zotsatira zikakhala zosakondweretsa amabwereza patapita miyezi itatu, chifukwa cha nthawi ija mbewu imatenga kuti ipangike. Kuyeza mkazi kumafuna magazi, sikani, ndi mankhwala opopera m'chiberekero pojambula kuti aone ngati tinjira tili totseguka, zinthu zowawa, zodula, zopezeka m'zipatala zikuluzikulu. Komabe pamzere wa kuchipatala mupeza mayi ali yekha, atatumidwa kuti akakonzedwe. Chonsecho zina mwa zovuta za mwamuna zimachizika: matenda amamwera mankhwala, mitsempha yotupa imachitidwa opaleshoni, mowa ndi fodya zimasiyika. Mwamuna wokana kuyezedwa angakhale akukana mwana wake yemwe.

Pamene iye akukana, nkhokwe ya mkazi ija ikutha. Mazira amachepa chaka ndi chaka, akapitirira zaka 35 amachepa msanga, mpaka msambo umaleka pakati pa zaka 45 ndi 55. Mwamuna wa zaka 60 angathe kukwatira mtsikana n'kuyesanso mwayi wake. Mkazi amene wataya zaka 15 m'nyumba imene vuto silidali lake sadzazipezanso. Apa ndi pomwe tsoka limathera ndipo mlandu umayambira. Kusakhala ndi mbewu munthu sasankha, koma kukana kupita kuchipatala amasankha, ndipo abale omuikira kumbuyo nawonso amasankha.

Pafupifupi dera lililonse lili ndi nkhani ya mayi amene adabwezedwa kwawo ndi dzina la chumba, n'kukakwatiwa kwina, chaka chisanathe n'kuoneka ali ndi pakati. Nkhaniyi imakambidwa kuchitsime, pamtondo ndi pamowa, motsitsa mawu, anthu n'kumatsinana. Mwamuna woyamba uja amakhala atakwatira wachiwiri, mwina wachitatu, nyumba yake idakali zii, ndipo aliyense amawerengera yekha mumtima n'kupeza yankho. Ng'ombe zidabwezedwa kalekale, zidaswana, ana ake akukoka ngolo. Kwa mfumu nkhaniyi sifika. Akuchimuna aja akakumana ndi mayiyo kuchigayo, mwana ali kumsana, amangopatsana moni.